A Mhandisi ndi Kanema wa Ukwati wa ku Tingi

Loweruka lapitali tinakamanga chiliza pamanda a alamu anga, a Edina, patatha chaka chiwasiyireni kumeneko. Mmisiri atafunsa zoti alembe pansi pa dzina lawo, tinakokana pang'ono. Amuna anga, amene ndi mlongo wawo wamng'ono, ankafuna vesi. Mwana wanga Yohane anati tilembe liwu limene Mbamba Bay yense ankawadziwa nalo, loti Mhandisi, ndiye kuti injiniya pa Chiswahili. Pomaliza tinalemba zonse ziwiri. Akanakhalapo eni ake akanati tawononga simenti.

Ine kwathu ndi ku Nkhotakota. Ndinabwera kuno ku Mbamba Bay, tsidya lino la nyanja, ndi malonda a mpunga n'kukwatiwa konkuno. Pamene ndinkalowa m'banjamo a Edina anali atapita kale kunja, choncho ndinkangowadziwira pachithunzi chimene chinali pakhoma kwa apongozi anga: mayi wamfupi m'chijasi chachikulu, nkhope ili ndwii ngati wina wamuponda chala. Apongozi ankati mwana wawoyo amakonza makompyuta kwa azungu, ndipo tonse tinkangonena chomwecho. Anabwerera kwathunthu imvi zili mbuu, zovala zochepa, koma mabokosi a mawaya odzaza galimoto.

Tsiku limene ndinawatchula pamaso pa alendo kuti ndi okonza makompyuta, anadikira kuti alendowo atsanzike kaye. Alendo atapita anandikhazika pakhonde n'kundifotokozera ntchito yawo pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa katekisimu. Anati kale chimene munthu walemba pakompyuta chinkakhala momwemo, ngati madzi a mumtsuko wa m'nyumba mwako, moti mnzako akafuna kumwa unkachita kutunga n'kumupititsira. Iwo ndi anzawo ankapanga makina okhala ngati chitsime cha pakati pa mudzi, oti makompyuta ambirimbiri, ena m'chipinda china, ena m'tauni ina, azisungamo ndi kutengamo zolemba, zithunzi ndi mawu kudzera m'mawaya.

Koma chitsime cha anthu ambiri chili ndi milandu yake, ndipo iwo anathera moyo wawo pa milandu iwiri. Woyamba unali wa anthu awiri amene atsegula cholemba chimodzi nthawi imodzi, aliyense n'kusinthamo zake, womaliza n'kufufuta ntchito ya mnzake osadziwa. Wachiwiri unali wa waya kuduka kapena magetsi kuzima chinthu chili pakati pa ulendo. Alamu anapeza njira yoti makinawo azikumbukira pamene anafika, kuti zinthu zikabwerera m'malo azipitiriza pomwepo, osayambiranso, komanso osasiya chinthu chatheka chooneka ngati chathunthu. Kunjako anawapatsa mapepala otsimikiza kuti nzeru imeneyo ndi yawo ndi anzawo angapo. Mapepalawo sanawapachike pakhoma. Ankati palibepo mayina a anthu amene ankayesa makinawo mpaka kuwaphwanya, chonsecho ndi amene anawaphunzitsa zambiri.

Anabadwira kuno, bambo awo atachoka ku Nkhata Bay kudzakonza injini za maboti. Sukulu inawatengera ku Songea, kenako ku Dar es Salaam, kenako kutsidya kwa nyanja zamchere. Sanakwatiwe. Amayi a kumpingo akawafunsa chifukwa chake, ankati analipo wina amene anafunsira, koma ankafuna kuti asiye ntchito, ndiye anasiya iyeyo. Chiswahili chawo chinali chachikale, moti ana a sukulu ankaseka chamumtima, ndipo Chichewa chawo chinali cha agogo. Kumsika sankadziwa kunenerera. Amayi ogulitsa dagaa, usipa wathu uja, akawaona akubwera ankakodolana, ine n'kumachita kuwatsatira pambuyo kuti asawadyere masuku pamutu.

M'mawa uliwonse ankamanga chitenje chakutha kunsonga ya nsungwi n'kupukuta fumbi pa masola a padenga. Tiyi ankamwa wopanda shuga, ali chiimire. Ndipo sankasunga chinthu pamalo amodzi. Makiyi a nyumba yawo analipo ena kwathu, ena kwa m'bale wina ku Kihagara. Atapeza mbewu ya chinangwa chokoma, anagawa mitengo yake kumidzi ingapo asanabzale yawo. Ankakonda kunena kuti chinthu chimene chili pamalo amodzi ndi chotayika kale, kungoti mwini wake sanamve uthengawo. Ankanena zimenezi paukwati, pamaliro, ngakhale kwa munthu amene wangowapatsa moni, mpaka anthu anatopa nazo.

Sanali munthu wophweka. Akuluampingo atabwera kudzawapempha kuti athandize kugula zokuzira mawu zikuluzikulu, anawauza kuti zimene zilipo zikugonthetsa kale anthu m'kutu. M'malo mwake anagula chitsulo chokokera mphenzi pansi n'kukachiimika okha padenga la tchalitchi ndi amisiri awo. Akuluampingo anakhumudwa kwa miyezi. Mphenzi sinagwepo mpaka lero, choncho sitikudziwa amene ankanena zoona.

Mkangano waukulu unali wa iwo ndi Yohane. Mwana wangayu ndi bambo wa banja lake, ndipo amadya za kamera. Amajambula maukwati, maubatizo, makwaya ndi magule a mganda m'mbali monse mwa nyanja. Masiku amenewo zonse zimene wajambula ankazisunga mu disiki imodzi, kabokosi kakuda kokwana m'thumba la malaya, ndipo ankayenda nako kulikonse. Azakhali akewo anamuuza kambirimbiri kuti abweretse zinthuzo akopere m'makina amene anaika m'chipinda chawo, mmene aphunzitsi ena anali atayamba kale kusungamo mayeso akale kuti ana azitenga pamafoni. Yohane anakana. Anati shangazi, monga amawatchulira azakhali akewo m'Chiswahili, akufuna kugawira anthu thukuta lake kwaulere, chifukwa iwo anakhuta kale kunja. Alamu anamuyankha kuti munthu wokumbatira nkhokwe yake chotero amafa nayo ikapsa. Mawuwo anatuluka pamaso pa mkazi wa Yohane ndi ana, ndipo kuyambira tsiku limenelo moni wawo unali wapakamwa chabe. Ine ndinali pakati, uku mwana, uku mlamu, ndipo mbale ya ndiwo ndinkachita kuitumiza mbali zonse ziwiri kuti wina asati ndakondera.

M'dzinja la chaka chimenecho Yohane akuchokera ku Kihagara pa pikipiki, njinga yamoto ija, anapeza mtsinje wina utadzaza. Woyendetsa anati awoloka. Pakati pa madzi njingayo inapendama, onse awiri n'kugwa. Anatuluka amoyo, chikwama chili m'manja, koma madzi amatope anali atalowa paliponse. Atafika kunyumba anayanika disikiyo padzuwa, ndipo madzulo, mtima utamukanika kudikira, anailumikiza kukompyuta. Inangonunkha chopserera n'kukhala chete. Sanauze munthu. Anatseka kashopu kake n'kumati akudwala malungo.

Patapita masiku, kunyumba kwathu kunafika mtsikana wochokera ku Tingi, dzina lake Agnesi. Anali ndi pakati pooneka ndithu, ndipo anali atavala zakuda. Yohane ndi amene anajambula ukwati wake miyezi ingapo m'mbuyomo, koma anali asanawapatse kanemayo chifukwa ankati akuikongoletsa kaye. Mwamuna wake, Filipo, anali atamwalira mwadzidzidzi ndi matenda a m'mutu chimanga chisanamere n'komwe. Agnesi anayenda ulendo wonse wa mapiri uja pa pikipiki, ali mmene analirimo, atamva kuti ine ndine mayi wa wojambula. Ndinamuyalira mphasa n'kutuma uthenga kwa Yohane. Sanabwere. Nditapita ndekha, ndinamupeza atakhala m'chipinda chamdima, ndipo anandiuza zonse.

Ndinabwerera kwa mtsikanayo. Ndinayamba kumufotokozera mozungulira, koma anamva msanga. Sanalire. Anagwira pamimba n'kunena m'Chiswahili, motsitsa mawu:

"Mama, sindikufuna ukwati wonse ayi. Ndikungofuna mwanayu adzamveko mawu a bambo ake."

Ndinakatenga disikiyo kwa Yohane, ndinaikulunga m'mpango, ndipo ndinapita nayo kwa alamu. Ndinkayembekezera kuti ayamba ndi mwambi wawo uja, ndipo ndinali nditakonzeka kuumeza. Sanaunene. Anandifunsa ngati inayatsidwa itanyowa, ndipo ndinavomera. Kenako anafunsa dzina la mtsikanayo ndi kuti mwana akuyembekezeka liti. Ananditumiza kukagula madzi a batire ndi sipiriti wa kufamase. Anamasula kabolodi kobiriwira ka pansi pa disikiyo, anakatsuka, anakayang'ana pagalasi lokuzira zinthu, n'kundionetsa pamene panapsa. Anati ngati madzi sanalowe m'kati mwenimweni, zinthuzo zikadalimo, koma khomo lake ndi limene lapsa. Panafunika disiki ina yamtundu womwewo yoti tichotseko kabolodi, ndipo anaimbira anthu mpaka anaipeza kwa wamalonda wina ku Songea, yemwe anaitumiza pa basi.

Itafika, panatsala ntchito imodzi. Pa kabolodi kopsako panali kachitsulo kakang'ono ngati njere ya mpunga, kamene kanayenera kuchotsedwa ndi moto n'kukamatidwa pa kabolodi katsopano, apo ayi disikiyo sikanadzizindikira yokha. Alamu anabwereka chida cha okonza mafoni, anachigwira, ndipo ndinaona dzanja lawo likunjenjemera. Ndinali ndisanazindikire kuti kunjenjemera kuja kwafika pamenepo, chifukwa ankabisa. Anayesanso. Kenako anachiika patebulo.

"Amake Yohane, kamuuzeni abwere. Manja angawa atha."

Yohane anabwera atazolika, n'kuima pakhomo ngati mlendo. Azakhali ake sanatchule za mkangano. Anamuonetsa mpando, anamufotokozera zoti achite, anamuyeserera kaye pa zidutswa za wailesi yakufa mpaka anakhutira. Atafika pa chenichenicho, mwana wanga anatuluka thukuta pamphuno.

"Shangazi, nanga ndikalakwitsa?"

"Ukalakwitsa talakwitsa tonse. Gwira."

Ndinatuluka panja chifukwa sindikanatha kuonerera. Nditabwerera ndinapeza onse awiri atatchera khutu pa kabokosiko, ndipo kankalira pang'onopang'ono ngati njuchi ili m'botolo.

Kukopera zinthuzo kunatenga masiku ambiri. Disikiyo inali yovulala, ndipo alamu sankalola kuithamangitsa. Kunali mitambo, masola sankadzaza mabatire, moti dzuwa likapendeka makina ankazima. M'mawa akayatsa, ntchito inkapitirira pamene inalekera dzulo. Tsiku lina ndinadabwa nazo mokweza, ndipo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti zoterezi ndi zimene zinawameretsa imvi kunja kuja. Ndi nthawi yokhayo imene ndinawamva akudzitama, ndipo nkhope yawo inawala ngati ya mtsikana.

M'masiku odikira omwewo, tikusankha mpunga pakhonde, anandiuza chinthu chimene ngakhale amuna anga anali ataiwala. Bambo awo atamwalira, uthenga unawapeza mochedwa, maliro ataikidwa kale. Panali kaseti imodzi imene bambowo anajambulamo mawu awo akuimba nyimbo za pa Pasaka ndi kulangiza ana. Alamu atabwera patchuthi anaifunafuna, n'kuipeza m'sutikesi yonyowa ndi kudontha kwa denga, itachita nkhungu mpaka kumatana. Panthawiyo n'kuti akupanga makina osunga zinthu za makampani akuluakulu, koma mawu a bambo awo anawakanika kupulumutsa. Anati nkhope amaikumbukira, koma mawu anazimiririka, ndipo akayesa kuwamva m'mutu amangomva awo omwe.

Sizinapulumuke zonse. Pafupifupi theka la ntchito ya Yohane linapita, ndipo pa ukwati wa ku Tingi mbali ya m'tchalitchi inatuluka yodukaduka, yosaoneka bwino. Koma ya kumadyerero inatuluka yonse. Tinatumiza uthenga, ndipo Agnesi anabwera ndi apongozi ake aakazi. Tinakhala m'chipinda cha alamu, Yohane n'kuyatsa. Filipo anaoneka ataimirira m'suti yomukulira mapewa, maikolofoni ili m'manja. Anayamba kuthokoza makolo a mkazi wake, pakati n'kuiwala zimene anakonzekera, anthu n'kumuseka, iyenso n'kuseka mpaka kugwira pabondo. Kenako anatembenukira kwa mkwatibwi n'kulonjeza kuti nyumba yawo adzaifolera ndi malata khofi akagulidwa, ndipo ikadontha amene adzagone panja ndi iye mwini.

Mayi ake a Filipo anafunda chitenje kumutu. Agnesi anapempha kuti abwezenso pamene ankaseka paja, kenako anapemphanso. Atatha anadzuka movutikira, anapita pamene panakhala alamu, n'kugwada. Alamu sankakonda kugwadiridwa, ndipo anamudzutsa msanga n'kumuuza kuti athokoze manja a mnyamatayo. Alendowo asanachoke, alamu anaonetsetsa kuti kanemayo ili pafoni ya Agnesi, pafoni ya mchimwene wake wa Filipo, ndi m'makina a m'chipindamo. Mwanayo anabadwa wamwamuna. Pano akuyenda, ndipo amayi ake amati akaona kanemayo amaseka nawo pamalo omwewo.

Mabanja amene zinthu zawo zinatayika, Yohane anawayendera limodzilimodzi kukawauza yekha. Kwina anamulalatira. Kumene ankaopa kwambiri, azakhali ake anakwera naye pikipiki, iwo amene ankadana nayo, n'kukakhala pambali pake chete mpaka nkhani itatha.

Pambuyo pake ndi pamene anagwirizana. Alamu anavomera kuti mwanayo ankanena zoona pa chinthu chimodzi, chakuti munthu ayenera kudya za ntchito yake. Anakonza makinawo kuti akhale ndi zipinda: china chotsegukira aliyense, mmene muli za sukulu ndi nyimbo za makwaya, zina zokhoma, zoti banja lililonse lizilowa ndi mawu achinsinsi akeake. Kenako anaika makina ena kwa mphunzitsi wina ku Kihagara ndi ena m'golosale ya mayi wina pafupi ndi doko la Ndumbi. Netiweki ikakhalapo, makinawo amauzana okha zimene zalowa zatsopano. Ikasowa, monga imachitira mvula ikalimba, kabokosi kakang'ono kamayenda ndi wa pikipiki, ndipo kakangofika pafupi kamatsitsa katundu wake n'kunyamula wa kumeneko. Ankanyadira kabokosi kameneko kuposa zonse zimene anapanga kunja, ngakhale ankati mulibe nzeru yatsopano, ndi zakale zomwe zija atazivula nsapato kuti ziyende m'matope.

Matenda atawagwira sanabise. Anaitana Yohane, mphunzitsi wa ku Kihagara ndi mayi wa ku Ndumbi uja, n'kumawaphunzitsa mowakalipira. Ankazimitsa makina dala, kapena kuzula waya, n'kukhala pambali manja atapinda kuti aone ngati awadzutsa okha. Mayi wa ku Ndumbi analira tsiku lina n'kunena kuti iye ndi wogulitsa sopo chabe. Alamu anamuyankha kuti sopo amamuwerengera bwino, ndiye izinso azitha, ndipo anazithadi. Anamwalira m'nyengo ya mwera, m'chipatala, ine nditawagwira dzanja lonjenjemera lija. Pamaliro panabwera anthu amene sitinkawadziwa, aphunzitsi, oimba kwaya, ophunzira amene tsopano ali m'makoleji, ndipo akuluampingo aja ndi amene ananyamula bokosi.

Nyumba yawo sitinaitseke. Chipinda chija chimayang'ana kumtengo wa mango, ndipo zenera lake limakhala lotsegula kuti makina asatenthe. Ana a sukulu akaweruka amadzakhala pamizu ya mtengowo ndi mafoni a makolo awo, ndipo amalankhulabe monong'ona ngati muli munthu amene angawadzudzule. M'katimo muli tebulo lalitali la matabwa a bwato lakale, lodzaza timabotolo ta zomangira, kalikonse ndi mtundu wake. Pansi pake pali nsapato zawo za pulasitiki, imodzi yosokedwa ndi ulusi wa ukonde. Mpando wawo ndi wachingwe, wolowa pakati, ndipo Yohane akabwera kudzagwira ntchito amaukankhira pambali mosamala n'kukhala pa ndowa yovundikira.

Ine ndimapitako m'mawa kukasesa. Pashelefu timagetsi tobiriwira timaphethira mosalekeza, ndipo nthawi zina timafulumira, ndiye ndimadziwa kuti kwinakwake ku Ndumbi kapena ku Kihagara wina wasunga chinthu chake, chikubwera kuno. Ndimaimika tsache n'kudikira mpaka chifike chonse, kenako ndimapitiriza kusesa, kuzungulira mpando.